Mudzi wa Wilsede ndi Chire Lake

Kumpoto kwa dziko la Jeremani, pakati pa mizinda itatu yaikulu ya Hamburg, Bremen ndi Hannover, kuli dziko lamcenga limene eni ake amalicha Lüneburger Heide. M'kati mwa dzikolo muli kamudzi kochedwa Wilsede. Ndi kamudzi kakang'ono ndithu: anthu ake onse, akulu ndi ana omwe, safika 100, ndipo munthu angathe kuyenda kucokera ku nyumba yoyamba kufikira yotsiriza fodya wa m'kaliwo asanathe. Koma caka ndi caka anthu zikwizikwi amacoka m'mizinda kudzaona kamudzika ndi chire lozinga, ndipo ambiri amabwerera kwao ali kunena kuti aona dziko monga linaliri munthu asanalikhudze. Ine ndifuna kulongosola m'nkhani ino kuti mau amenewa si oona. Chire la ku Wilsede linapangidwa ndi makasu a alimi osauka ndi mano a nkhosa zao, ndipo tsiku limene makasu ndi nkhosa zidzaleka nchito, nalonso lidzayamba kutha.

Poyamba timvetse dzinali. M'cinenero ca Cijeremani mau akuti Heide ali ndi matanthauzo awiri: ndi dzina la kacitsamba, ndiponso ndi dzina la dziko lopanda mitengo kumene kacitsambako kamamera kokhakokha. Kacitsambaka kamafika m'maondo, timasamba take ndi tating'onoting'ono, ndipo tinthambi take ndi tolimba, kotero kuti kale anthu anali kumanga nato matsache. Abale ake a kacitsambaka amamera pamwamba pa mapiri ozizira a kuno kwathu, monga ku Nyika ndi ku Mulanje. Miyezi yambiri chire lonse limaoneka lodera, losakondweretsa maso. Koma pofika mwezi wa August limacita maluwa ofiirira, akuda pang'ono kuposa a jakaranda, ndipo dziko lonse limasanduka ngati ayalapo nsaru imodzi. Eni dziko amati maluwa amayamba pa 8 August nalekeza pa 9 September, ngakhale mvula ndi dzuwa sizisamala masiku amenewa caka ciri conse. Apa ndi apo pamaima mitengo yakuda yoongoka, yonga mikungudza yaing'ono, yochedwa Wacholder. Imeneyi inapulumuka cifukwa masamba ake amabaya, ndipo nkhosa siziikhudza.

Akatswiri opima nthaka amatiuza kuti zaka zoposa 130,000 zapitazo, m'nyengo ya cisanu cacikulu, madzi oundana ngati thanthwe anakuta mbali yonse ya kumpoto kwa Ulaya. Madzi oumawo anali kutsetsereka pang'onopang'ono kucokera ku dziko limene lero tilicha Sweden, nakankha mcenga, nsangalabwi ndi miyala patsogolo pao monga khasu likoka dothi popanga mzere. Pamene anasungunuka, zonsezo zinatsala pomwepo ziri miyulumiyulu. Ndico cifukwa cake m'dziko lopanda matanthwe muli miyala yaikulu yobulungira imene kwao ndi kutsidya kwa nyanja. Anthu a ku Wilsede anaitola m'minda, namanga nayo timipanda ta m'mbali mwa njira, nayalanso yaing'ono pa mseu wa pakati pa mudzi.

Mulu waukulu koposa uli pafupi ndi mudzi ca kumadzulo, dzina lake Wilseder Berg, ndiko kunena kuti Phiri la Wilsede. Msinkhu wake ndi mafiti 555 pamwamba pa nyanja yamcere. Owerenga a ku Lusaka, amene nyumba zao ziri mafiti oposa 4,000 pamwamba pa nyanja yomweyo, angaseke kumva kuti cimeneci aciyesa phiri. Koma m'Heide monse mulibe malo ena otalika kuposa pamenepa, ndipo tsiku lopanda nkhungu munthu ataima pamwamba amaona nsanja za Hamburg, mailosi oposa 25 kumpoto. Phirili limagawanso madzi: a mbali ina amatsikira ku mtsinje wa Wümme nakagwera mu Weser, a mbali inzake amakagwera mu Elbe. M'zaka za m'ma 1820 katswiri wa masamu Carl Friedrich Gauss, popima dziko la mfumu ya Hannover, anaika cizindikiro cake pamwamba pomwepa. Iye anapanga cipangizo ca akalirole cobweza kuwala kwa dzuwa, kuti mnzake woima pa phiri lina lakutali aone kadontho kowala ndi kudziwa pomloza. Pa ndalama yapepala ya mamaki 10, imene Ajeremani anali nayo kufikira pamene inalowa ndalama ya euro m'caka ca 2002, panali nkhope ya Gauss, ndipo kuseri kwake panali mapu a mizere yake, dzina la Wilsede liri pomwepo. Anthu mamiliyoni anayenda ndi dzina la kamudzika m'thumba osadziwa.

Mvula kumeneko imagwa yokwanira, koma mcenga susunga madzi, susunganso cakudya ca mbeu. Ngakhale ziri conco, madzi oundana atatha, dziko lonselo linamera nkhalango ya mitengo ya thundu ndi ina yotere. Anthu oyamba kulima anayamba kuipungula zaka zikwi zingapo zapitazo, ndipo mitumbira ya manda ao ikali kuoneka m'chire mpaka lero. Dzina la Wilsede linalembedwa koyamba m'kalata ya caka ca 1287. Kuyambira nthawi imeneyo kufikira zaka za m'ma 1800 unali mudzi wa mabanja owerengeka, opanda chalichi cao, oyenda ulendo wautali kupita ku Bispingen kukabatiza ana ndi kukaika maliro.

Tsono kodi mabanja amenewa anali kudya ciani pa mcenga wotere? Apa ndipo pagona nkhani yonse, ndipo ndifuna kucedwapo.

Mbeu yao yaikulu inali rai, imene ifanana ndi tirigu koma imapirira nthaka yoipa, ndipo buledi wake ndi wakuda. Anali kubzalanso kambeu kena ka njere zangondya zitatu kochedwa Buchweizen, ndipo pambuyo pake panadza mbatata ya kacewere. Koma ngakhale rai sangabale pa mcenga caka ndi caka popanda manyowa, ndipo manyowa a m'matumba kunalibe. Cimene mlimi anali kucita ndi ici. Anali kutenga khasu lalikulu lathyathyathya, napita kuchire, nasenda nthaka ya pamwamba pamodzi ndi zitsamba ndi mizu yomwe, monga munthu asenda khungwa la mtengo. Zibuma zimenezi, zochedwa Plaggen, anali kuzituta pa ngolo ndi kuziyala m'khola la nkhosa. Nkhosa zinali kudya kuchire usana, koma usiku zinali kutsekeredwa m'khola, osati cifukwa ca kuopa zirombo kokha ai, koma makamaka kuti ndowe zao zisatayike kuchire. Ndowe ndi mkodzo zinali kulowa m'zibumazo, nkhosa ziri kupondaponda, mlimi naonjeza zibuma zina pamwamba. Itakwana nyengo, anali kufukula zonsezo ndi kukazimwaza m'munda. Caka camawa cimodzimodzi, mwana wake cimodzimodzi, mdzukulu wake cimodzimodzi. Nchitoyi inali kudya masiku ambiri a caka, ndipo inali yothyola msana. M'malo ena a kumpoto kwa Jeremani ndi ku Holland minda yothiridwa motere inakwera mpaka mafiti 3 pamwamba pa nthaka yozinga, cifukwa ca dothi lotutidwa pa zaka mazanamazana.

Amene anakhalako ku dziko la Abemba adziwa citemene: munthu asadza nthambi za mitengo pa malo akulu, naziunjika pa malo ang'ono, nazitentha, nafesa mawere pa phulusa. Nzeru yake ndi imodzimodzi, kutenga mphamvu ya dziko lalikulu ndi kuisonkhanitsa pa kamunda kamodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti wa citemene amasiya munda natsegula wina, pamene mlimi wa ku Wilsede munda wake unali womwewo masiku onse, ndipo cosuntha cinali malo osendako zibuma. Malo osendedwa anali kufuna zaka 10 kapena kuposa kuti amerenso, ndipo akasendedwa kawirikawiri zaka zodikira zinali kucuruka. Motero kamunda kakang'ono kanali kufuna chire lalikulu koposa kumbuyo kwake, ndipo chirelo linali la mudzi wonse, osati la munthu mmodzi.

Taonani tsono cimene cinacitikira chirelo. Caka ciri conse linali kulandidwa cakudya osabwezeredwa kanthu, ndipo linanka liwonda. Mvula inatsuka mcenga wa pamwamba mpaka unayera ngati phulusa, nitsitsa dzimbiri lake pansi, pamene linaumbika kukhala ciguwa colimba cimene mizu ya mitengo siingaboole msanga. Kamtengo kakayesa kumera, nkhosa inali kukabudula. Pa nthaka yotere palibe comera cina cimene cingapambane Heide, pakuti iko kamakonda malo osauka, ndipo kakadyedwa kunsonga kamaphukanso bwino koposa. Kumene anthu anasenda mopitirira, ngakhale Heide yemwe analephera, mcenga unatsala pambalambanda, mphepo niuulutsa kukakwirira minda.

Nkhosa zake ndi za mtundu wao wao, zochedwa Heidschnucke: zazing'ono, zotuwa, za nkhope yakuda, zamphongo ndi zazikazi zomwe ziri ndi nyanga, ndipo ana ake amabadwa akuda bii. Ubweya wake ndi wokakala. Cuma cina ca mudzi cinali njuci. Ming'oma yake inali madengu oluka ndi mapesi a rai, omata ndi ndowe za ng'ombe, oikidwa cozondoka m'mizere pansi pa kadenga. Uci ndi phula ndizo zinali kubweretsa ndalama, popeza shuga anali wosowa ndipo machalichi anali kufuna makandulo. Abusa amanena kuti nkhosa poyenda m'zitsamba zimadula maukonde a akangaude amene akadakola njuci, kotero kuti khola ndi mng'oma zinali kuthandizana.

M'mudzimo muli nyumba ina yakale yofolera ndi udzu, yochedwa Dat ole Huus, ndiko kunena kuti Nyumba Yakale m'cinenero ca alimi a kumeneko. Mphunzitsi wina dzina lake Bernhard Dageförde anaiphwasula ku mudzi wa Hanstedt, naimanganso ku Wilsede m'caka ca 1907 kuti ikhale yosungiramo zinthu za makolo. Ine ndinalowamo, ndipo cimene cinandigwira mtima ndi mdima wake. Anthu, ng'ombe ndi akavalo anali kugona pansi pa denga limodzi. Polowa pa khomo lalikulu, lokwana ngolo yodzaza, ziweto ziri uku ndi uku, mbeu ziri pamwamba, ndipo kumapeto kuli moto wa pansi wopanda potulukira utsi. Utsiwo unali kuyendayenda m'nyumba, nuumitsa mbeu ndi nyama yopacikidwa, nupitikitsa anankafumbwe, koma unali kulowanso m'zifuwa za ana. Pogona panali timakabati ta m'khoma totseka ndi citseko cifukwa ca cisanu. Amene amaganiza kuti Azungu onse anabadwira m'nyumba za mazenera agalasi akadaona nyumba imeneyi.

Pali nkhani ina imene imanenedwa kawirikawiri, yakuti nkhalango inatha cifukwa ca mcere. Ndi zoona kuti mzinda wa Lüneburg, umene unapatsa dzikolo dzina, unalemera ndi kuphika mcere: nchitoyo inachulidwa kale m'kalata ya caka ca 956, ndipo inalekeka m'caka ca 1980. Ndi zoonanso kuti kuphika mcere kumatha nkhuni. Koma ofufuza mbiri a masiku ano apeza kuti nkhuni zambiri zinali kubwera pa madzi kucokera ku Mecklenburg, kutsidya kwa Elbe, ndi kuti chire linalipo kale m'malo akutali ndi Lüneburg kumene ngolo za nkhuni sizinafike. Mlandu waukulu uli pa khasu ndi nkhosa.

Makhalidwe amenewa, amene anakhala zaka mazana ambiri, anagwa m'nthawi ya moyo wa anthu awiri kapena atatu. M'caka ca 1802 kunaturuka lamulo lolola kugawa chire la mudzi kuti yense akhale ndi cigawo cake. Pambuyo pake zombo zinayamba kubweretsa ubweya wofewa wa ku Australia ndi thonje, ndipo ubweya wa Heidschnucke unasowa wogula. Shuga anachipa, uci nutsika mtengo. Parafini anapha malonda a phula. Potsiriza anafika manyowa a m'matumba, ndipo panalibenso cifukwa cothyolera msana ndi zibuma. Boma ndi eni malo anabwera ndi makasu akulu okokedwa ndi makina a nthunzi, naswa ciguwa ca pansi cija, nabzala mitengo ya paini m'mizere. Acinyamata ambiri anapita ku Hamburg, ena ku America. Pofika caka ca 1900 mbali yaikulu ya Heide inali itasanduka minda ndi nkhalango zobzala. Ku Wilsede chire linatsalako cifukwa malowo anali akutali, ouma ndi amiyala, ndipo palibe anawathamangira.

Codabwitsa ndi ici, kuti nthawi yomweyo imene alimi anali kulithawa chirelo, anthu a m'mizinda anayamba kulikonda. Kale apaulendo anali kulinena kuti ndi cipululu cotopetsa. Koma mizinda itadzaza ndi utsi wa mafakitale, ojambula zithunzi ndi olemba mabuku, makamaka Hermann Löns amene anafa pa nkhondo m'caka ca 1914, anayamba kulitama. Njanji ya pakati pa Buchholz ndi Soltau inatsegulidwa m'caka ca 1901, ndipo anthu a ku Hamburg anayamba kubwera pa Sabata. Pambuyo pao panadza ogula malo, ofuna kumanga nyumba zopumuliramo anthu olemera.

Kum'mwera ca kum'mawa kwa mudzi kuli cigwa cakuya couma, codzala ndi Heide ndi Wacholder, cochedwa Totengrund, ndiko kuti Cigwa ca Akufa. Ena amati dzinali linadza cifukwa nthaka yake ndi yakufa, yosabala kanthu, ena amati ndi cifukwa maliro a ku Wilsede anali kudzera kumeneko popita ku Bispingen. Cigwa cimeneci ndico ogula malo anaciyang'ana poyamba. Amene anawatsekereza anali mbusa, osati wa nkhosa koma wa mpingo, Wilhelm Bode wa ku Egestorf, mudzi wa kum'mawa. Bode anali munthu wocitacita: anali atayambitsa kale bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kuti alimi asagwe m'manja mwa okongoza mwakatapira. Ndalama zogulira cigwa iye analibe, koma anapeza mnzake, Andreas Thomsen, mphunzitsi wamkulu wa pa yunivesite ya Münster, amene anapereka mamaki 6,000, ndipo m'caka ca 1906 Totengrund inagulidwa. M'caka ca 1909 ku Munich kunabadwa bungwe losunga malo acilengedwe lochedwa Verein Naturschutzpark. Bode analikokera ku Wilsede, ndipo m'caka ca 1910 bungwelo linagula phiri lija. M'caka ca 1921 Boma linaika lamulo lochinjiriza dera lonselo, limene lero ndi lalikulu ngati masikweya mailosi 90, ngakhale koposa theka lake ndi nkhalango. Bode anamwalira m'caka ca 1927, ndipo phulusa la mtembo wake linamwazidwa pa phirilo.

Sindifuna kubisa kuti alimi ena sanakondwere nalo lamulolo. Munthu amene makolo ake anasauka pa chire, tsono wapeza njira yolisandutsa munda kapena nkhalango yogulitsa matabwa, kumuuza kuti alisiye cifukwa ndi lokongola m'maso mwa alendo, ndi mau obvuta kuwameza. Ine ndiganiza kuti Bode anacita bwino, koma ndiganizanso kuti cimene mlendo amaciona ngati kukongola, mwini mudzi anali kucikumbuka ngati njala.

Nkhondo yaciwiri nayo inasiya cipsera. Kunali m'Heide momwemo, pafupi ndi Lüneburg, kumene akulu a nkhondo a Ajeremani a kumpoto anagonja kwa Montgomery pa 4 May 1945. Itatha nkhondo, asilikari a Angerezi anatenga mbali ina ya dera lochinjirizidwa, ca ku Schneverdingen, kuti aziphunziriramo kuyendetsa akasinja. Pangano lolola zimenezi linalembedwa m'caka ca 1959, ndipo akasinjawo anapera chire mpaka kutsala mcenga wokhawokha. Anacoka m'caka ca 1994, ndipo bungwe lija linafesanso Heide m'malo ophwanyidwawo.

Oyambitsa bungwelo anatengera citsanzo ca ku America, kumene malo acilengedwe amasungidwa pongowaleka okha. Koma Heide ukaileka yokha, imfa yake ndi yomweyo. Pakapita zaka zowerengeka zitsamba zimakalamba ndi kuuma pakati, mbeu za paini ndi za mitengo ina zouluka ndi mphepo zimamera, ndipo nkhalango imabwerera kwao. Masiku ano pali mdani winanso. Utsi wa magalimoto ndi mpweya wocokera m'makola akulu a nkhumba ndi ng'ombe zimatsika ndi mvula ngati manyowa, nthaka ninenepa, udzu nupambana Heide. Cilala naco cimabvuta, monga m'caka ca 2018 pamene maluwa ambiri anapserera asanamasule.

Cifukwa ca ici bungwelo liri kucita lero nchito zonse zimene mlimi wakale anali kucita, koma pa cifukwa cina. Liri ndi magulu a nkhosa za Heidschnucke ndi abusa olandira malipiro, oyenda nazo m'chire dzinja ndi cilimwe pamodzi ndi agaru ao, ndiponso mbuzi zakuti zizibudula timitengo. Kusenda zibuma kumacitika ndi makina, ndipo dothi losendedwalo limacotsedwa kuti nthaka ikhalebe yosauka. M'nyengo ya cisanu amatentha zigawo zina mosamala. Anthu odzipereka, ndi ana a sukulu omwe, amabwera kudzazula timitengo ta paini ndi manja. Zonsezi zimadya ndalama zambiri, zocokera kwa mamembala a bungwe, ku Boma ndi kwa alendo. Pamodzi ndi chire pamapulumukanso mbalame ina yonga nkhwali yaikulu yakuda, yochedwa Birkhuhn, imene inatha m'malo ambiri acidikha a dzikolo.

Anthu a ku Wilsede tsopano amakhalira alendo, kuwaphikira cakudya ndi kuwapatsa pogona, ndipo nyama ya Heidschnucke ndi uci wa Heide ndizo zimafunidwa koposa. Galimoto ya mlendo siloledwa kulowa m'mudzi. Munthu amaisiya ku Undeloh, ku Döhle kapena ku Niederhaverbeck, nayenda pansi, kapena pa njinga, kapena pa gareta wokokedwa ndi akavalo. Kucokera ku Undeloh ndi mailosi 2 ndi theka, ndipo wocokera ku Egestorf amatsata njira imene Bode anali kuyenda, yochedwa ndi dzina lake.